Kaikidwe ka ma contact lens: malangizo kwa amene angoyamba ntchito yoyeza maso

Kumene ntchito ya optometry ili yatsopano, gawo la ma contact lens ndi limene limatsalira m'mbuyo. Wophunzira amamaliza sukulu akudziwa bwino kuyeza magalasi, koma malenzi ovala padiso anangowawerenga m'buku, mwina n'kuyesako pang'ono pa mnzake wa m'kalasi. Akayamba ntchito zimatha m'njira ziwiri. Ena amaopa, ndiye aliyense wofunsa amangomuuza kuti zimenezo zimaononga maso, ngakhale munthu wa keratoconus (matenda amene cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, imapyapyala n'kusongoka) amene magalasi sakumuthandizanso. Ena amangoona nambala ya magalasi, kutsitsa bokosi pashelefu, kulandira ndalama, basi. Onsewa akumulakwira wodwala, koma wachiwiriyu ndi amene angamuphere diso.

Ndikulembera inu amene mukufuna kuyamba ntchitoyi bwinobwino ngakhale zida zili zochepa. Lamulo limene ndikufuna likhale patsogolo pa zonse ndi ili: musaike lenzi padiso limene simudzalionanso. Kusankha lenzi n'kosavuta, mungakuphunzire m'masabata ochepa. Chovuta ndi kusankha munthu, kumuphunzitsa, ndi kuonetsetsa kuti abwerenso.

Pa zida, musadikire makina a topography, ojambula mapu a kupindika kwa cornea, kuti muyambe. Slit lamp (makina ounikira ndi kukuza diso) yokhala ndi kuwala kwa buluu, timapepala ta utoto wa fluorescein, keratometer (yoyezera kupindika kwa cornea), malenzi oyesera, saline (madzi a mchere a kuchipatala), ndi posambira m'manja pokhala ndi madzi oyenda ndi sopo, zimenezi zikwanira pa odwala ambiri. Ngati mungapeze kagalasi kachikasu kotchinga kutsogolo kwa slit lamp, utoto wa fluorescein umaoneka bwino kwambiri. Koma ngati slit lamp mulibe, musayambe. Tochi siingakuonetseni kachilonda kamene kakungoyamba kumene pa cornea.

Yambani ndi kucheza

Musanakhudze makina alionse, khalani pansi mufunse. Akufuniranji malenzi? Wamasewera amene akufuna kuvala kawiri pa sabata ndi wosiyana ndi munthu wa -12.00 amene watopa ndi magalasi okhuthala ndipo akufuna kuvala kuyambira m'mawa mpaka usiku. Funsani ntchito imene amagwira: kodi pali fumbi, utsi, mankhwala ouluka, kapena amakhala pa kompyuta tsiku lonse? Munthu woyang'ana pa sikirini saphethira pafupipafupi, ndipo lenzi limauma msanga. Funsani za matenda a shuga, za maso oyabwa nyengo ndi nyengo, za fodya, za mankhwala amene akumwa, makamaka oletsa ziwengo ndi isotretinoin wa ziphuphu, chifukwa amaumitsa maso. Mayi woyembekezera ndi bwino adikire kaye, popeza misozi ndi nambala yake zimatha kusintha pa nthawi imeneyi.

Kenako funsani mafunso amene mabuku ambiri amawadumpha. Kunyumba kuli posambira m'manja nthawi iliyonse? Adzakwanitsa kugula malenzi ena mwezi ukatha, ndi solushoni yotsukira malenzi ikatha? Funsani mwaulemu koma mosazungulira, chifukwa munthu amene wakwanitsa bokosi loyamba lokha adzavala lenzi la mwezi umodzi kwa miyezi inayi, ndipo solushoni ikatha adzathira madzi. Ndiye funso lalikulu: diso likafiira lero, angafike kwa inu lero lomwelo kapena mawa m'mawa? Ngati yankho ndi ayi, ganizirani kawiri.

Akamayankha, yang'anani manja ake ndi zikhadabo. Zimanena zambiri kuposa pakamwa. Ngati anavalapo malenzi kale, afotokoze yekha mmene amachitira usiku akavula, musamupatse yankho m'kamwa. Mukafunsa kuti "mumatsuka, eti?" aliyense avomera.

Pali anthu amene muyenera kuwakana, kapena kuwauza kuti adikire: diso limene lili ndi matenda pakali pano, louma kwambiri, chikope chosatseka bwino, cornea imene simva ikakhudzidwa, ndi munthu amene akuonekeratu kuti malangizo sadzawatsata. Wa diso limodzi loona muzimuchenjerera kwambiri, chifukwa alibe lina lodalira. Kukana koteroko ndi ntchito yanu imene, si kulephera.

Yezani nambala, kenako diso lenileni

Yezani nokha nambala yatsopano, musadalire magalasi amene wabwera nawo. Ndipo aliyense wovala malenzi akhale ndi magalasi abwino. Wopanda magalasi savula lenzi diso likayamba kupweteka, chifukwa akavula saona njira.

Nambala ya magalasi si nambala ya lenzi. Galasi limakhala pafupifupi mamilimita 12 kuchokera padiso, pamene lenzi limakhala padiso penipeni. Pansi pa 4.00 kusiyanako n'kochepa, koma kupitirira apo muyenera kuwerengera. Wa -8.00 pa magalasi amafuna lenzi la pafupifupi -7.25, ndipo wa +8.00 amafuna pafupifupi +8.75. Mainasi amatsika, pulasi amakwera. Matani tebulo la manambala amenewa pakhoma, musamachite manyazi kuliyang'ana. Ngati pali silinda, nambala yoonjezera ya diso limene mphamvu yake ndi yosiyana m'mbali ziwiri, werengerani mbali iliyonse payokha.

Pa keratometer lembani mbali zonse ziwiri. Cornea ya anthu ambiri imakhala chapafupi ndi mamilimita 7.80, kapena kuti 43.25D. Koma musangothamangira nambala, yang'anani timizere tozungulira timene mukuona m'makinamo. Ngati tikuoneka tokhotakhota, tosagwirizana, kapena nambala yadutsa 47.00D, ganizirani za keratoconus, makamaka kwa wachinyamata amene silinda yake ikusinthasintha ndipo amakonda kutikita maso. Yezaninso ndi rula m'lifupi mwa mbali yakuda ya diso, kuchokera kumanzere kufika kumanja. Kawirikawiri pamakhala mamilimita 11.5 mpaka 12. Lenzi lofewa liyenera kuposa pamenepo ndi mamilimita pafupifupi 2.

Tsopano slit lamp, ndipo apa musafulumire. Yambani ndi m'mphepete mwa zikope: kodi pali tinkhanambo m'munsi mwa nsidze? Finyani pang'ono chikope cham'munsi muone mafuta amene akutuluka m'timabowo ta meibomian. Ngati akutuluka oyera ngati madzi, zili bwino. Ngati ndi olimba kapena sakutuluka n'komwe, misozi ya munthuyo iziuma msanga, ndipo lenzi lililonse limene mungamuike adzalidandaula pofika madzulo. Chizani zikope kaye, malenzi pambuyo.

Tembenuzani chikope cham'mwamba kwa aliyense, tsiku loyamba lomwelo. Ambiri amadumpha zimenezi chifukwa wodwala amanyinyirika, koma kunsi kwa chikopeko n'kumene mupeze timatuza ta ziwengo ndi zipsera zakale. Mukapanda kuona lero, pakatha miyezi 6 simudzadziwa ngati zabwera ndi lenzi kapena zinalipo kale. Onani ngati pali pterygium kapena pinguecula (kamnofu komera pa mbali yoyera ya diso) imene ingatukule m'mphepete mwa lenzi. Onani malire a cornea ndi mbali yoyera ya diso, mulembe pamene mitsempha ya magazi yalekezera.

Nyowetsani kapepala ka fluorescein ndi kadontho ka saline, gwedezani kuti madzi ochuluka achoke, khudzani pang'ono mkati mwa chikope cham'munsi. Aphethire kawiri kapena katatu, kenako asaphethirenso. Werengani masekondi mpaka kadontho kakuda koyamba kaoneke pakati pa utoto wobiriwirawo. Masekondi osakwana 10 ndi chenjezo, osakwana 5 ndi vuto lofunika kulithetsa kaye. Onaninso ngati pali pena pa cornea pamene pagwira utoto. Mukatha tsukani diso ndi saline musanaike lenzi lofewa, chifukwa limamwa utotowo.

Zonsezi zilembedwe. Gwiritsani ntchito zithunzi zoyerekezera, monga za Efron zimene zimayambira pa 0 kufika pa 4, kuti mnzanu akadzatenga fayilo adzamve zimene munaona. Mawu oti "diso lofiira pang'ono" sathandiza munthu.

Kusankha lenzi

Cornea ilibe mitsempha ya magazi. Diso likakhala lotsegula, okosijeni imamutenga kuchokera mu mpweya kudzera m'misozi, ndiye chilichonse chimene mwaika pamwamba pake chikuimana mpweya. Mbiri yonse ya malenzi ndi nkhondo yolimbana ndi vuto limeneli. Malenzi olimba akale a PMMA sankalola okosijeni kudutsa ngakhale pang'ono. Otto Wichterle wa ku Czechoslovakia anapanga malenzi ofewa oyamba mu 1961, ndipo kampani ya Bausch & Lomb inayamba kuwagulitsa ku America mu 1971. Mu 1984 Holden ndi Mertz anapeza kuti cornea isatupe, lenzi lovala masana liyenera kukhala ndi Dk/t (muyeso wa okosijeni wodutsa m'lenzi) ya 24, ndipo logona nalo 87. Malenzi ofewa a nthawi imeneyo sankafika pa nambala yachiwiriyo. Anadzafikapo ndi a silicone hydrogel amene anatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Izi zikukukhudzani chifukwa kumene msika uli waung'ono, malenzi opezeka mosavuta nthawi zambiri ndi a hydrogel akale aja. Kwa munthu wa -2.00 wovala maola ochepa palibe vuto. Koma Dk/t yolembedwa pabokosi imayezedwa pakati pa lenzi la -3.00. Lenzi la -10.00 ndi lokhuthala m'mphepete, la +10.00 ndi lokhuthala pakati, ndipo pamenepo okosijeni wodutsa ndi wochepa kwambiri kuposa zalembedwazo. Kwa anthu a nambala zazikulu ndi ovala maola ambiri, limbikirani silicone hydrogel kapena lenzi la RGP, lolimba koma lolola okosijeni kudutsa.

Kwa amene angakwanitse, ine ndimakonda malenzi ovala tsiku limodzi n'kutaya, makamaka kwa wovala mwa apo ndi apo, wa ziwengo, kapena amene mukukayika za ukhondo wake. Palibe kakesi kosungiramo malenzi, palibe solushoni, ndipo matenda ambiri amayambira m'kakesimo. Koma akhaledi a tsiku limodzi. Malenzi ogona nawo ndikuti asiyeni mpaka mudzazolowere ntchito ndiponso mudzakhale ndi dokotala wa maso wapafupi womutumizira odwala. Ndipo sankhani mtundu umene mukudziwa kuti mudzaupezanso miyezi ikubwerayi. Kumuzoloweretsa munthu lenzi limene lisowa pamsika n'kumutumiza kukagula lililonse pa intaneti.

Za malenzi amitundumitundu okongoletsa maso, ngakhale opanda nambala, ndi malenzi ndithu ndipo amafuna kuyeza konseku. Ndi amene anthu amakonda kubwerekana. Munthu akabwera kudzawafuna musamunyoze n'kumubweza, chifukwa akawagula kwina popanda womuphunzitsa.

Lenzi lofewa lili padiso

Malenzi ofewa ambiri amabwera ndi base curve (kupindika kwa kunsi kwa lenzi) imodzi kapena ziwiri, pakati pa 8.3 ndi 9.0, m'lifupi mwake mamilimita 13.8 mpaka 14.5. Choncho keratometer ingokupatsani poyambira, woweruza ndi slit lamp. Sambani m'manja wodwala akuona, ikani lenzi, dikirani mphindi 10 mpaka 15 kuti misozi ya mantha iphwe. Mukayang'ana nthawi yomweyo lenzi lililonse limaoneka lokhwepa.

Onani ngati lakhala pakati, ndiponso ngati likuphimba cornea yonse munthu akayang'ana kumwamba, pansi ndi m'mbali. Aphethire: lenzi liyenera kusuntha pang'ono, mamilimita 0.2 mpaka 0.4. Kenako likankheni m'mwamba ndi chala kudzera pachikope cham'munsi. Labwino limakwera mosavuta n'kubwerera mwakachetechete pamalo pake. Lothina limakana kusuntha, kapena limabwerera mwaulesi. Lokhwepa limatsetsereka, limatsika akayang'ana kumwamba, m'mphepete mwake mumatukuka, ndipo wodwala amati akulimva.

Apa pali msampha umene umagwira ambiri oyamba kumene. Lenzi lokhwepa limadzinenera lokha chifukwa limasowetsa mtendere. Lothina ndi lokoma kuvala, wodwala amamwetulira n'kunena kuti sakumva chilichonse. Koma kunsi kwake misozi sikuyenda, zinyalala zikuunjikana, ndipo pofika madzulo diso lafiira, akavula pakuoneka mzere wozungulira pamene m'mphepete mwa lenzi munadinda. Musalole kumwetulira kwa wodwala kukuyezereni lenzi. Chizindikiro china n'chakuti wa lenzi lothina amaona bwino akangophethira kenako kumachita chifunga, pamene wa lokhwepa amaona chifunga akangophethira kenako kumayera. Lenzi likakanika, nthawi zambiri kusintha mtundu kumathandiza kuposa kusintha base curve ya mtundu womwewo, ndipo 8.6 ya kampani ina siikhala chimodzimodzi ndi 8.6 ya kampani inzake.

Likakhala bwino, yezaninso nambala lenzi lili padiso, diso limodzilimodzi kenako onse awiri, kutali ndi pafupi. Wazaka zoposa 40 wa mainasi amene ankawerenga pongovula magalasi muuzeni lero kuti ndi malenzi sadzawerenga choncho, kuti musankhire limodzi pakati pa magalasi owerengera, malenzi a multifocal, kapena diso limodzi lakutali lina lapafupi.

Silinda ikafika 0.75, yesani lenzi la toric, lokhala ndi silinda. Ambiri amaliopa n'kumangobisa silinda m'nambala ya sphere, munthu n'kumapita akuona mwa chizimezime, kenako n'kusiya malenzi poganiza kuti ndi mmene amakhalira. Palibe choopsa. Lenzi la toric lili ndi kachizindikiro, kawirikawiri pansi pomwe pamakhala 6 koloko. Likakhazikika onani kumene kachizindikiroko kapendekera. Kakapita kumanzere kwanu, onjezerani madigiriwo pa axis ya magalasi, nambala yoonetsa kumene silinda yaloza. Kakapita kumanja kwanu, chotserani. Ola limodzi la pawotchi ndi madigiri 30. Mwachitsanzo axis ndi 90, kachizindikiro kapendekera kumanzere kwanu ndi madigiri 10, itanitsani 100. Lenzi latsopanolo lidzapendekeranso chimodzimodzi, ndipo ndi mmene liyenera kukhalira, musachotserenso kachiwiri. Lenzi lopendekera malo amodzi nthawi zonse limakonzeka. Loyendayenda pa kuphethira kulikonse lisintheni.

Malenzi olimba

Ndikudandaula kuti luso la RGP likutha, pamene ndi limene limabwezera maso kwa anthu amene alibe njira ina: a keratoconus, a zipsera za pa cornea, a silinda yaikulu. Lenzi lolimba silitsatira mabampu a cornea. Misozi imadzaza pakati pa lenzi ndi diso, n'kupanga nkhope yosalala yatsopano. Limalola okosijeni wambiri, limakhalitsa, ndipo matenda oopsa a cornea ndi ochepa kwa ovala RGP kuposa ovala malenzi ofewa.

Pa cornea yabwinobwino yambani ndi lenzi la mamilimita 9.2 mpaka 9.8, base curve yake ikhale pafupi ndi mbali yafulati ya keratometer. Muuzeni munthu asanavale kuti alimva, misozi ituluka, ndipo ayang'ane pansi mpaka liphwe. Misozi ikachepa ikani fluorescein. Pobiriwira kwambiri ndi pamene pali mpata, pakuda ndi pamene lenzi lakhudza. Lokwana bwino limaonetsa utoto wopyapyala wofanana pakati ponse, ndi kamzere kowala kozungulira m'mphepete. Lakuya limasunga dziwe lobiriwira pakati, mwina ndi kathovu ka mpweya, ndipo kamzere ka m'mphepete kamakhala kakang'ono. Lafulati limada pakati, m'mphepete mumakhala utoto wambiri, ndipo limayendayenda. Mukasintha base curve kumbukirani kuti misozi ya kunsi nayo ili ndi mphamvu: mamilimita 0.05 ndi pafupifupi 0.25D. Mukapita kwakuya onjezerani mainasi, mukapita kwafulati onjezerani pulasi.

Pa keratoconus, lenzi lisakanikize nsonga ya cornea mwamphamvu, ngakhale wodwala atanena kuti akuona bwino kwambiri choncho, chifukwa pamenepo padzabwera chipsera. Ndipo muuzeni zoona: lenzi limathandiza kuona, koma silimitsa matendawo. Chimene chimawaimitsa ndi cross-linking, njira yolimbitsa cornea imene inayambira ku Dresden, ku Germany, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2003. Wachinyamata amene nambala zake zikukwera atumizidwe kwa dokotala wa maso msanga, ziwengo zake zichizidwe, ndipo asiye kutikita maso. Malenzi oyesera a RGP atsukeni ndi kuwapha tizilombo pakati pa wodwala ndi wodwala monga mwa malangizo a opanga. Ofewa oyesera ndi ovala kamodzi n'kutaya.

Kuphunzitsa

Patulani nthawi yokwanira, ndipo musaisiyire munthu amene sanaphunzitsidwe. Wodwala akhale patebulo loyera, galasi patsogolo, asambe m'manja ndi sopo n'kupukuta mpaka ziume. Chala chonyowa chimakakamira lenzi, silichoka kupita padiso. Aike lenzi pansonga ya chala cha mkombaphala n'kuliyang'ana cham'mbali: lolondola limaima ngati kambale kakuya, lotembenuzika milomo yake imatambasukira kunja. Dzanja lina lidutse pamwamba pa mutu, ligwire chikope cham'mwamba pa nsidze penipeni, osati pakhungu lapamwamba. Apa ndi pamene ambiri amalephera: amakoka khungu, chikope chili chomasuka, chala chikangoyandikira diso latsekeka, lenzi lapindika pa nsidze. Mugwireni chala mumuonetse pogwira. Chala chapakati cha dzanja la lenzi chitsitse chikope cham'munsi, maso onse awiri akhale otsegula, aike lenzi, ayang'ane pansi, asiye chikope cham'munsi kenako cham'mwamba pang'onopang'ono.

Povula ayang'ane kumwamba, atsetserezere lenzi pansi pa mbali yoyera, alitsine ndi minofu ya zala osati zikhadabo. Aziyamba ndi diso lakumanja nthawi zonse kuti asasokoneze. Akalephera kangapo diso n'kufiira, mupumitseni kapena abwerenso tsiku lina. Asatuluke ndi malenzi munthu amene sanavale ndi kuvula yekha kangapo inu mukuona, ndipo kuvula n'kofunika kuposa kuvala.

Pa kasamalidwe, musamuunjikire malamulo makumi awiri. Atatu awa ndi amene amateteza diso, ndipo muwafotokoze ndi zifukwa zake. Loyamba, madzi asakhudze lenzi kapena kakesi: a pampopi, a m'botolo, osamba, osambira, ngakhale malovu. M'madzi mumakhala Acanthamoeba, kachilombo kamene kamapirira mankhwala ambiri, ndipo kakalowa mu cornea kuchiza kwake kumatenga miyezi. Lachiwiri, asagone ndi lenzi, ngakhale tulo ta masana. Kafukufuku wa ku America wa mu 1989 anapeza kuti pa anthu 10,000 ovala malenzi ofewa masana okha, pafupifupi 4 pachaka ankadwala chilonda cha cornea, koma pa ogona nawo anali pafupifupi 20. Silicone hydrogel anathetsa vuto la okosijeni, koma ngozi ya kugona ndi lenzi sanaichotse. Lachitatu, solushoni ikhale yatsopano usiku uliwonse. Atikite lenzi pachikhatho ndi solushoni, alitsukuluze, kenako aliviike. M'mawa ataye yotsala, atsuke kakesi ndi solushoni, akapukute ndi tishu yoyera, akavundikire kuti kaume, ndipo akasinthe isanathe miyezi itatu. Kuthira yatsopano pamwamba pa yakale n'kufooketsa mankhwala. Mu 2006 solushoni ya ReNu with MoistureLoc inachotsedwa pamsika chifukwa cha matenda a cornea obwera ndi nkhungu yotchedwa Fusarium, ndipo chizolowezi chongoonjezera pa yakale chinali chimodzi mwa zimene zinatchulidwa.

Ngati mwamupatsa hydrogen peroxide wa 3% woviikamo malenzi, amvetse kuti salowa m'diso mwachindunji, ndipo lenzi likhale m'kakesi kake kapadera maola osachepera 6. Saline sapha tizilombo. Zodzola za m'maso zibwere lenzi litalowa kale. Zonsezi mulembereni papepala, pamodzi ndi dzina la lenzi, base curve, m'lifupi, nambala, tsiku lotaya, ndi foni yoimba zikavuta.

Akabweranso, ndi diso likafiira

Tsiku lobweranso lilembedwe asanatuluke, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, kenako pakatha mwezi kapena miyezi itatu, kenako miyezi 6 mpaka 12 iliyonse. Akapanda kubwera muimbireni. Abwere atavala malenzi kwa maola angapo, chamasana kapena madzulo, chifukwa lenzi limene lavalidwa pakhomo la chipatala silinena zoona. Abweretse kakesi ndi botolo la solushoni. Tsegulani kakesiko muyang'ane m'makona ndi m'mizere ya chivindikiro. Mukapeza utsiutsi woterera, kaonetseni mwini wake pa kuwala, osamukalipira, kenako katayeni mumupatse kena. Botolo limene lakhala miyezi yambiri lisanathe likukuuzani kuti sathira yatsopano tsiku lililonse.

Yezani kuona, onani lenzi lili padiso, kenako avule inu mukuona manja ake. Ikani fluorescein, tembenuzani chikope. Utoto wogwira m'munsi mwa cornea mokhota umaloza kuuma ndi kusaphethira mokwanira. Timadontho tofalikira cornea yonse nthawi zambiri ndi solushoni yosagwirizana ndi lenzilo. Kamzere kokhota kumtunda, kunsi kwa chikope, ndi lenzi louma gwa limene likukhula. Kwa wa RGP yang'anani pa 3 koloko ndi 9 koloko. Mitsempha ya magazi ikayamba kulowa mu cornea kupitirira pamene munalemba tsiku loyamba, diso likupempha mpweya: chepetsani maola, sinthani lenzi. Timatuza tatikulu kunsi kwa chikope, kuyabwa ndi manthongo, apumitseni malenzi, ndipo akadzayambiranso apite ku a tsiku limodzi.

Wovala lenzi akabwera ndi diso lofiira, lopweteka, loopa kuwala kapena losaona bwino, litengeni ngati chilonda cha tizilombo mpaka mutatsimikiza kuti si chimenecho. Vulani lenzi. Yang'anani kadontho koyera mu cornea, yezani kukula kwake, onani ngati pamwamba pake pagwira utoto ndiponso ngati mkati mwa diso muli maselo kapena mafinya. Musamange diso ndi bandeji, ndipo musapereke madontho a steroid kapena osakaniza ndi steroid. Bakiteriya ya Pseudomonas imatha kuononga cornea m'tsiku limodzi kapena awiri, choncho kadontho koposa milimita imodzi, kapena kali chapakati, kapena ululu ukukulirakulira ngakhale lenzi lachoka, apite kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo. Ululu waukulu kuposa zimene mukuona pa slit lamp, kwa munthu amene lenzi lake linakhudza madzi, ukukumbutseni Acanthamoeba, imene poyamba imafanana ndi herpes ndipo ambiri amaisokoneza. M'kalata lembani mtundu wa lenzi, ngati anagona nalo, ngati linakhudza madzi, tsiku limene ululu unayamba, ndi mankhwala alionse amene wathira kale. Lenzi ndi kakesi asataye, apite nazo kuti akaziyeze ku labotale. Muimbireni dokotalayo wodwala asananyamuke, ndipo diso linalo nalonso likhale lopanda lenzi mpaka dokotala atanena kuti lachira.